Mmene mungadzionere nokha chimene chimathwanimitsa nyenyezi

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa cha Shire m'nyumba simugoneka. Malata amakhala atamwa dzuwa tsiku lonse, ndiye mabanja ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje amayala mphasa pabwalo kudikira kuti kunja kupoleko. Nthawi ngati imeneyi ndi pomwe mwana amene wagona chagada amafunsa kuti, "Amayi, bwanji nyenyezi iyo ikuphethira pamene inayo yangoti duu?" Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo zimandiwawa mwana wotere akamayankhidwa kuti agone, asiye zofunsafunsa. Yankho lake lilipo, ndipo mukhoza kumuonetsa ndi maso ake omwe pogwiritsa ntchito zinthu za pakhomo: tochi, kachidutswa ka katoni, singano, mbaula, beseni la madzi ndi ndalama yachitsulo.

Mfundo yake ndi iyi. Kuwala kumachoka ku nyenyezi kuli kokhazikika, n'kuyenda zaka zambiri m'malo opanda kanthu pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kumasokonezeka kumapeto kwenikweni kwa ulendo, kukalowa mu mpweya umene wakuta dziko lathu. Mpweyawo sufanana paliponse: pena ndi wotentha, pena wozizira, ndipo mphepo imautakasa usana ndi usiku. Kuwala kukamadutsa malo osiyanawa kumakhotakhota, motero kumafika m'diso mwanu kochuluka kamphindi kena, kochepa kamphindi kotsatira. Anthu amene amakhala mu International Space Station, chombo chimene chimazungulira dziko lathu pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, amaona nyenyezi zomwezi zikuwala osathwanima, chifukwa iwo mpweyawo ausiya pansi. Tsopano tiyeni titsimikize zimenezi pang'onopang'ono.

Choyamba: yambani masana, dzuwa lili paliwombo

Imani m'mphepete mwa msewu wa tala, monga wa M1 pakati pa Nchalo ndi Ngabu pomwe uli wowongoka, cha m'ma 12 koloko masana. Yang'anani kutali kumene msewu ukuthera. Muona mitengo, njinga ndi galimoto zikunjenjemera, ndipo patali pamaoneka ngati pataika madzi chonsecho ndi pouma gwa. Galimotoyo sikunjenjemera ayi. Tala watentha, watenthetsa mpweya wapafupi naye, mpweyawo ukukwera n'kumasakanikirana ndi wozizirirapo, ndipo kuwala kochokera ku galimoto kukupindika podutsa pamenepo. Kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 nthawi ya chilimwe, zimenezi sizivuta kuziona. Muuzeni mwanayo asunge chithunzi chimenechi m'mutu, chifukwa ndi zomwezo zimene adzaone usiku.

Mukabwerera kunyumba, ikani supuni m'tambula ya madzi. Ioneka ngati yathyoka pamene yalowera m'madzimo. Apo ndiye kupindika kwa kuwala kukuonekera poyera.

Chachiwiri: beseni la madzi

Thirani madzi oyera m'beseni, muponyemo ndalama yachitsulo, mudikire madzi adekhe. Ndalamayo ioneka bwinobwino ili malo amodzi. Kenaka gwedezani madziwo pang'ono ndi chala. Ndalama iyamba kuvinavina, kutalika, kufupika, koma mukapisa dzanja muipeza ili pomwe munaisiya. Ife anthu tili ngati ndalama ija pansi pa beseni, mpweya ndiwo madzi athu, ndipo nyenyezi timaziona kudzera m'madzi amene sadekha.

Kuchigwa kuno tili pansi penipeni pa beseni limeneli. Malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali ku Nsanje, pamene Shire akutulukira kulowa m'dziko la Mozambique, pa mamita 37 okha kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000. Ndiye kuti munthu wa ku Marka kapena ku Bangula ali ndi mpweya wochulukirapo pamutu pake kuposa wa ku Blantyre, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Chachitatu: pangani nyenyezi yanu ndi pulaneti yanu

Ichi ndiye chimene ana amachikonda, ndipo ndi chimene chimayankha gawo lachiwiri la funso lija, loti bwanji zina sizithwanima.

Dulani makatoni awiri okwanira kutseka kumaso kwa tochi. Loyamba liboleni pakati ndi singano, kabowo kakang'ono kwambiri. Lachiwiri lidulenipo bowo lalikulu lozungulira loti chala chachikulu n'kulowa. Kukada, kolezani mbaula panja mpaka makala atayaka bwino ndipo utsi watha. Musachitire m'nyumba, ndipo ana ang'ono akhale patali ndi moto. Mwana wamkulu atenge tochi, ayende mapazi 30 kapena kupitirira apo, atseke tochiyo ndi katoni la kabowo kakang'ono, ayiloze kwa inu. Mbaula ikhale pakati pa inu ndi iye. Njutani kuti muziona kuwala kwa tochi kudzera pamwamba penipeni pa makala, pamene mpweya wotentha ukukwera.

Kadontho ka kuwalako kayamba kudumphadumpha. Sunthani mutu muone kadonthoko kumbali kwa mbaula, kakhazikika. Bwezerani mutu pamalo paja, kayambiranso. Tsopano itanani kuti, "Achimwene, sinthani katoni!" Ndi bowo lalikulu lija muona kuti m'mphepete mwake mokha ndi momwe mukunyang'ama, koma kuwala konseko kuli pamalo ake.

Chachitika n'chiyani? Kabowo ka singano kamatumiza kuwala m'kanjira kamodzi kopyapyala, ndiye mpweya ukakakhotetsa, zonse zakhota. Bowo lalikulu limatumiza kuwala m'tinjira tambirimbiri toyandikana. Kena kakakhotera uku, kena kakhotera uko, kena kawala, kena kachepa, ndipo zonse zikaphatikizana m'diso zimakwanirana. Nyenyezi ndi zazikulu koopsa, zambiri zimene timaziona ndi maso n'zoposa dzuwa lathu, koma zili kutali kwambiri moti kwa ife ndi kabowo ka singano. Mapulaneti, omwe ndi maiko ozungulira dzuwa monga dziko lathuli, ndi aang'ono poyerekeza ndi nyenyezi, koma ali pafupi, ndiye ali ngati bowo lalikulu lija ngakhale diso lathu silitha kuona kutambalala kwake. Pomuona kuchokera pansi pano, Jupiter ndi wotambalala ka 5,000 kapena kupitirira apo kuposa nyenyezi ya Sirius.

Ngati mulibe mbaula, magetsi akutali amaonetsanso zomwezi. Mukamakwera mapiri usiku kuchokera pa Thabwa kulowera ku Blantyre, tembenukani muyang'ane kuchigwa. Magetsi akutaliwo amathwanima, pamene babu la pasitolo yapafupi ndi msewu limangowala osagwedezeka.

Chachinayi: sankhani usiku ndi malo

Usiku wopanda mitambo, makamaka mwezi usanatuluke kapena utalowa kale. Khalani potalikira magetsi, pamalo poti mukuona kumwamba mpaka m'munsi kumbali ya kum'mawa kapena kumadzulo. Bwalo la mpira la pasukulu ndi labwino. Kugombe la Shire kumaoneka bwino, koma musapiteko usiku, ng'ona ndi mvuu sizisankha. Valani zamikono yaitali chifukwa cha udzudzu, ndipo unikani pansi musanayale mphasa. Mukakhazikika zimitsani tochi, foni muiike m'thumba, mupatse maso mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima.

Chachisanu: pezani Sirius

Pa nyenyezi zonse za usiku, yowala kwambiri ndi Sirius, ndipo ndi imene imathwanima moonekera bwino. Kuwala kwake kumatenga zaka 8.6 kuti kufike kuno. Poipeza, yambani ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana pamzere umodzi. Tsatirani mzerewo ndi chala. Mbali imodzi ukupititsani ku nyenyezi yofiirira ya Aldebaran kenaka ku kagulu ka Nsangwe. Mbali inayo, cha kum'mwera, ukufikitsani pa nyenyezi yoyera yowala kuposa zonse zoizungulira. Imeneyo ndiyo Sirius. Musaisokoneze ndi Canopus, yachiwiri pakuwala, imene ili kum'mwera kwambiri kuposa pamenepo.

Ife a kuchigwa kuno tili ndi mwayi umene anthu a ku London kapena ku Cape Town alibe. Sirius ili madigiri pafupifupi 17 kum'mwera kwa mzere wogawa thambo pakati, ndipo boma la Nsanje lilinso madigiri pafupifupi 17 kum'mwera kwa ikweta. Zotsatira zake n'zakuti nyenyeziyi ikafika pachimake pa ulendo wake imadutsa pamutu pathu penipeni. Munthu wa ku Tengani kapena ku Bangula ayenera kugona chagada kuti aiyang'ane bwino. Zimenezi zikutithandiza kwambiri pa sitepe yotsatirayi.

Chachisanu ndi chimodzi: iyang'aneni kawiri usiku umodzi

Apa ndiye pagona umboni weniweni, ndipo ndikupemphani kuti musadumphepo. Mukufuna kuona nyenyezi imodzi yomweyo ili m'munsi, kenaka ili pamutu. Kukanakhala kuti kuthwanima kumachokera ku nyenyeziyo, bwenzi ikuthwanima chimodzimodzi nthawi zonse ziwiri.

Kumayambiriro kwa Novembala Sirius imatuluka kum'mawa cha m'ma 9:30 usiku, ndipo kumapeto kwa mweziwo imatuluka cha m'ma 7:30. Nyenyezi zonse zimafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi 4 tsiku lililonse, zomwe zimakwana maola awiri pamwezi. Amene muli ku Chikwawa ndi kutsidya la kum'mawa kwa Shire mudikirako pang'ono chifukwa mapiri a ku Thyolo amaitchinga ikangotuluka. Imafika pamutu patatha maola 6 ndi mphindi pafupifupi 20 chitulukireni, ndiye kuti mu Novembala muyenera kudzuka pakati pa 2 ndi 4 koloko mbandakucha. Kwa amene safuna kudzutsa ana usiku, Epulo ndi mwezi wosavuta, mvula ikamatha: kumayambiriro kwa mweziwo Sirius imakhala ili m'mwamba kwambiri 7 koloko madzulo, ndipo pofika 11 koloko imakhala yatsika kumadzulo.

Yezani kutalika kwake ndi dzanja. Tambasulani mkono, mufumbate chibakera. Chibakera chimodzi chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo. Sanjikizani zibakera kuchokera pomwe thambo lakumana ndi dziko mpaka pa nyenyeziyo. Ikakhala pamutu, kuwala kwake kumadutsa njira yaifupi kwambiri ya mpweya. Ikakhala pa zibakera zitatu, njirayo imawirikiza kawiri. Pa chibakera chimodzi imawirikiza kasanu ndi kupitirira. Ikakhala m'munsi mwenimweni, potuluka kapena polowa, mpweya umene kuwalako kwadutsa umachuluka kupitirira ka 35.

Ndiye yang'anani Sirius ili pa chibakera chimodzi, mwakachetechete, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Imachita phethiphethi mwachangu, ndipo imasintha mitundu: yofiira, yobiriwira, yabuluu, yoyera, zonse m'kanthawi kochepa. Anthu ena akaiona koyamba amaganiza kuti ndi ndege imene yaima malo amodzi. Mitunduyi imabwera chifukwa kuwala koyera ndi kosakaniza mitundu yonse ya utawaleza, ndipo mpweya supinda mitunduyo mofanana: wabuluu umapindika kwambiri kuposa wofiira. Nyenyezi ikakhala m'munsi, mitunduyo imafika m'diso mwanu itadzera njira zosiyana pang'ono, ndiye uliwonse umathwanima pa nthawi yakeyake.

Iyang'aneninso ikafika pamutu. Mitundu ija yatha, yatsala yoyera yokha, ndipo kuthwanima kwachepa kwambiri, masiku ena kumangotsala pang'ono kutheratu. Nyenyezi ndi yomwe ija, maso ndi omwe aja, chasintha ndi kuchuluka kwa mpweya umene uli pakati. Mwana akaona yekha zimenezi safunanso kumuuza zambiri.

Pali chinthu chimodzi choti chimveke bwino, chifukwa n'chapafupi kuganiza kuti kutentha kwa pabwalo panu ndi kumene kukuthwanimitsa nyenyezi. Mpweya wotentha wapansi umathandizirako, koma gawo lalikulu la kuthwanima limachokera kumwamba, makilomita angapo mpaka kupitirira 10, kumene kumawomba mphepo zamphamvu zimene ife pansi pano sitizimva. N'chifukwa chake usiku wina kunja kumakhala bata, masamba osagwedezeka, koma nyenyezi zikuthwanima kwadzaoneni. Komanso n'chifukwa chake kumathwanima ngakhale mu Juni ndi Julayi kunja kukuzizira.

Chachisanu ndi chiwiri: fufuzani imene sikuthwanima

Tsopano bwererani ku funso la mwana lija. Yang'anani m'njira imene dzuwa ndi mwezi zimadutsa, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, chifukwa mapulaneti amayenda momwemo. Mukaona chowala kwambiri chimene changokhazikika pamene zinzake zikuphethira, kawirikawiri imeneyo ndi pulaneti.

Nthanda ndiyo yosavuta. Dzina lake m'mabuku ndi Venus, ndipo ndi pulaneti, yowala kuposa nyenyezi iliyonse. Miyezi ina imaoneka kum'mawa kusanache, miyezi ina kumadzulo dzuwa litangolowa, koma ndi imodzi yomweyo. Simungaione pamutu pakati pa usiku chifukwa sitalikirana kwambiri ndi dzuwa. Jupiter ndi woyera, wowala kuposa Sirius, ndipo iye amatha kukhala pamwamba usiku wonse. Mars ndi wofiira, Saturn ndi wachikasu pang'ono ndiponso wosawala kwambiri. Mapulaneti sakhala malo amodzi chaka ndi chaka monga zimachitira nyenyezi, ndiye kuti mudziwe imene ikuoneka mwezi uno, pulogalamu ya pafoni monga Stellarium ikuthandizani. Muione musanatuluke panja kuti kuwala kwa foni kusakuonongereni maso.

Musadabwe mukaona nthanda ikugwedezeka pang'ono pamene yatsala pang'ono kulowa. M'munsi mwenimweni mpweya umachuluka moti ngakhale pulaneti imatha kuthwanimako. Yerekezani zinthu ziwiri zimene zili pa zibakera zofanana, pamenepo ndiye kusiyana kumaoneka bwino.

Zimene zingakusokonezeni

Ndege imayenda, ndipo magetsi ake amaphethira motsatira ndondomeko, osati mwachisawawa. Setilaiti imaoneka ngati kanyenyezi koyenda mowongoka kosaphethira, makamaka kutangoda kapena mbandakucha, ndipo nthawi zina imazimirira pakati pa thambo ikalowa mumthunzi wa dziko. Mukaona timagetsi tambiri tondondozana pamzere umodzi tikuyenda, amenewo ndi masetilaiti a Starlink amene angoponyedwa kumene.

Utsi ndi fumbi za mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yotentha tchire ndiponso minda ya nzimbe ikamawotchedwa pokolola, zimachepetsa kuwala kwa nyenyezi za m'munsi, mwina kuzibisiratu. Kumeneko si kuthwanima. Kamtambo kopyapyala kakamadutsa, nyenyezi imazilala pang'onopang'ono n'kubwereranso, pamene kuthwanima kwenikweni ndi kwachangu, kangapo pa sekondi imodzi. Usiku wabwino kwambiri ndi umene umatsatira mvula itatsuka fumbi.

Wina akhoza kukuuzani kuti nyenyezi zikathwanima kwambiri ndiye kuti mvula ili pafupi. Chimene kuthwanima kwamphamvu kumasonyeza n'chakuti mpweya wa kumwamba watakasika, ndipo nthawi zina zimenezi zimachitikadi nyengo ikamasintha. Koma si chinthu choti n'kudalira pa nkhani ya moyo. Ife amene tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti madzi amene amatipeza kuno kawirikawiri amakhala ochokera ku mvula imene yagwa kumtunda, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, kumwamba kwathu kuno kuli mbee. Pa nkhani imeneyo mverani machenjezo a nthambi yoona za nyengo.

Ngati mukufuna kupitirirapo

Tengani kope, usiku uliwonse umene mwatuluka mulembe tsiku, nthawi, dzina la nyenyezi, zibakera zingati, ndi mmene ikuthwanimira: 0 ngati yakhazikika, 1 pang'ono, 2 kwambiri, 3 ngati ikusintha ndi mitundu yomwe. Aphunzitsi a sayansi, ntchito imeneyi ophunzira angathe kuichitira kwawo popanda kugula chilichonse, ndipo akabweretsa makope awo m'kalasi adzapeza okha kuti manambala aakulu akugwera pa zibakera zochepa.

Yesaninso ichi muli awiri. Imani moyandikana, muyang'ane Sirius, aliyense aziti "iyo" nthawi imene waiona ikuwala kwambiri. Simugwirizana, chifukwa kuwala kwa nyenyezi kukafika pansi kumakhala kwa mawangamawanga a masentimita ochepa chabe, ndipo mawangawo amathamanga ndi mphepo. Limene lagwera m'diso lanu si limene lagwera m'diso la mnzanu.

Amene angabwereke mabainokyula, aloze Sirius ili m'munsi, kenaka azizunguliza mabainokyulawo pang'onopang'ono m'timizere tozungulira. Nyenyeziyo ijambula mzere wa kuwala wodukaduka wa mitundu yosiyanasiyana. Chitani chimodzimodzi ndi Jupiter, mzere wake ukhala wosalala, wa mtundu umodzi. Akatswiri a zakuthambo amalimbana ndi vuto lomweli, n'chifukwa chake amamanga matelesikopu awo pamalo okwera ndi ouma, monga SALT imene inatsegulidwa mu 2005 ku Sutherland m'dziko la South Africa, kapena kuwatumiza kunja kwa mpweya monga anachitira ndi Hubble mu 1990.

Kuyambira chakumapeto kwa Juni mpaka Okutobala Sirius simuiona madzulo. Nthawi imeneyo gwiritsani ntchito Antares, nyenyezi yofiira imene ili pakati pa gulu lopindika looneka ngati chinkhanira. Kumayambiriro kwa Meyi imakhala m'munsi kum'mawa cha m'ma 8 koloko usiku, pakati pa Julayi imakhala pafupi ndi pamutu cha m'ma 9 koloko, ndipo pakati pa Okutobala imakhala yatsikira kumadzulo cha m'ma 8 koloko. Mu Okutobala momwemo, nthawi yomweyo, pafupi ndi pamutu chakum'mwera pang'ono pamakhala nyenyezi yowala imene ili payokha, Fomalhaut. Yang'anani Antares m'munsimo, kenaka Fomalhaut pamwambapo, mulembe manambala a zonse ziwiri m'kope muja.